Tsamba la Nthochi pa Phwando la Valarmathi

1. Kachipinda kapamwamba

Sarvesh anafika ku Madurai m'nyengo yotentha, kuchokera kwawo ku Kanpur, kumpoto. Anabwera ndi gulu la ophunzira amene anatumizidwa kudzaphunzira chaka chimodzi pakoleji ya kuno. Anzake onse anapeza malo ogona pakolejipo. Iye sitima inamuchedwetsa, ndipo pofika anapeza mabedi atatha.

Amene anamutola ndi Kathiravan, mnzake wa m'kalasi. Mayi ake a Kathiravan, a Ponnammal, ali ndi malo odyera mumsewu wathu uno. Pamwamba pa malowo pali kachipinda komwe kale ankasungiramo matumba a mpunga. Kathiravan anapita naye mlendoyo kwa mayi akewo, chikwama chili paphewa.

"Amma, mnzangayu alibe pogona. Mumupatse kachipinda kaja."

"Wakumpoto?" anafunsa a Ponnammal, osasiya kusenda anyezi. "Omwe amati mpunga ndi chakudya cha odwala aja?"

"Uyu sali choncho, Amma. Akadzalakwa mudzafunse ine."

A Ponnammal anamuyang'ana mnyamatayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Chabwino. Uzigona pamwambapo, uzidya zomwe ife tikudya. Mowa sindifuna, phokoso sindifuna. Koma chachikulu ndi ichi, mwana wanga. Tsiku lomwe udzandichititse manyazi pamaso pa anthu, chikwama chakocho chidzatsika makwerero tsiku lomwelo. Pamenepo sipadzakhala zokambirana."

Kathiravan anamasulira mawuwo. Sarvesh anaphatikiza manja pachifuwa n'kuwerama.

Ine ndimadya kwa a Ponnammal masana aliwonse chimwalirireni mkazi wanga, ndiye zonsezi ndinaziona ndili pabenchi yanga yapakona. Ophunzira obwera ndawaona ambiri. Amafika akuwerama, amachoka osatsanzika. Sindinaone chifukwa choganizira kuti uyu adzakhala wosiyana.

Masabata oyamba anavutika. Sambar, msuzi wathu wa nandolo wothira bwemba, ankati ndi wowawasa. Rasam, msuzi wamadzimadzi wa tsabola uja, unkamutulutsa misozi. Zam'mawa za mpunga, masana mpunga, madzulo mpunga. Tsiku lina anapempha supuni, anthu n'kumuseka. Anaonda mpaka anaboola bowo lina palamba.

A Ponnammal anamumvera chisoni. Madzulo aliwonse anayamba kumukandira ufa wa tirigu n'kumuotchera chapati ngati kwawo. Zimenezi sanachitirepo kasitomala wina aliyense, ngakhale ine amene mano anga athera pamalopo. Pang'onopang'ono mnyamatayo anazolowera. Anaphunzira kudya ndi zala, anayamba kupempha rasam wowonjezera, ndipo nayenso anayamba kuwatchula a Ponnammal kuti Amma, ndiye kuti mayi.

2. Raunak ndi foni yake

Loweruka lililonse ophunzira akumpoto ankakumana pamalo ena odyera pafupi ndi depoti ya mabasi. Kumeneko amaphika zakwawo: buledi wootcha m'ng'anjo yadothi ndi nyemba zakuda zosambira m'batala. Mbale zake n'zoyera, mafoloko ngowala, woperekera chakudya amavala tayi. Wophika wake ndimamudziwa, kwawo ndi kuseri kwa msika konkuno. Koma anyamatawo ankalumbira kuti ndi wa ku Punjab, kumpoto kwawoko.

Wotsogolera gululo anali Raunak wa ku Delhi. Ameneyu sankaika kanthu m'kamwa asanakajambule. Ankayenda ndi foni yomangirira pakandodo, kujambula zakudya zathu n'kumatumiza makanemawo kwa anzake kuti aziseka.

Loweruka lina anabwera kudzatenga Sarvesh. Anaima pakhomo, osavula nsapato, osapereka moni. Ankayankhula Chihindi, chiyankhulo chakwawo, poganiza kuti palibe akumva. Ine ndinanyamulapo katundu pasiteshoni ya sitima zaka zambiri, Chihindi sichindidutsa.

"Aise, tiye. Anzako akudikira."

"Lero sindipita," anatero Sarvesh. "Mawa kuli phwando pano. Ndikuthandiza kunyamula mabenchi."

"Akunyamula mabenchi! Mwana wa Amma! Aise, ukudziwa kuti wayamba kununkha kokonati? Ukakabwerera ku Kanpur mayi ako akakufunsa kuti ndiwe mwana wa yani."

"Tasiya zimenezo."

"Phwando lake ndi la chiyani?"

"La Valarmathi, mchemwali wake wa Kathiravan. Ndi woyembekezera. Amuveka zibangili."

Maso a Raunak anawala.

"Ndibwera. Zimenezo anthu anga sanazionepo."

"Sunaitanidwe."

"Wandiitana ndiwe. Kapena mpaka ukapemphe chilolezo kwa Amma?"

Sarvesh akanatha kukana pomwepo. Sanatero. Anangonyamula benchi n'kulowa nayo m'kati.

3. Chenjezo la a Karuppiah

Pakhomo la malo odyerawo pamakhala a Karuppiah, bambo awo a Ponnammal, pampando wansungwi. Maso awo anafooka koma makutu ali bwinobwino. Onse mumsewu muno amawatchula Thatha, ndiye kuti agogo. Sarvesh atatulukanso, Thatha anamukodola. Kathiravan anaima pambali kuti azimasulira. Raunak anali asanachoke, anatsamira khoma akudinadina foni.

"Khala apa, mdzukulu," anatero Thatha. "Masiku onsewa wakhala ukudyera m'mbale yachitsulo. Mawa udyera patsamba la nthochi, pamaso pa apongozi a Valarmathi. Tsono tchera khutu, chifukwa sindibwereza.

"Akakuyalira tsamba, nsonga yake iloze kumanzere kwako. Uwazepo madzi, ulipukute ndi dzanja. Udye ndi dzanja lamanja lokha. Dzanja lomwe ukudyeralo lisakhudze chipande, lisakhudze mtsuko, lisakhudze tsamba la mnzako. Usapemphe supuni. Usanene kuti ichi n'chowawasa, icho n'chowawa, kwathu sitiphika chonchi. Kwanu tikudziwa kuti kuliko. Ukakhuta, uyale chikhatho pamwamba pa tsamba, woperekayo adutsa. Usadzuke anzako apamzere asanamalize.

"Zonsezi ukaphonya, anthu aseka n'kuiwala, poti ndiwe mlendo. Koma pali chimodzi chomwe sadzaiwala. Ukamaliza kudya, tsamba umalipinda pakati. Ugwire mbali yomwe ili kutali ndi iwe, uikokere kwa iwe, ngati ukuitanira chinthu pachifuwa pako. Ukatero wauza eni nyumba kuti wakhuta, wakondwa, ndipo tsiku ngati limeneli libwerenso.

"Kupinda cholozetsa kutali timachita pamaliro pokha. Pamenepo timakhala tikunena kuti chakudya chotere tisadzadyenso m'nyumba muno. Ine ndinapinda choncho titaika mkazi wanga. Ndinapindanso choncho titaika bambo ake a Kathiravan. Dzanja limalemera, mdzukulu. Si kupinda kosewera nako.

"Ndipo udziwe ichi. Valarmathi mimba yake yoyamba inapita padera asanafike n'komwe pa zibangili. Iyi ndi yachiwiri. Mwambo wathu umati phwando likatha, mwana wamkazi amatsala kwa mayi ake mpaka atachira. Apongozi ake, a Kamatchi, sakufuna. Akuti kuno kumalowa anthu achilendo ambiri. Mawa abwera ndi maso anayi, kufunafuna chifukwa chomutengera. Iwe usakhale chifukwa chimenecho. Mwana wanga anakutenga ngati wake. Wamva?"

"Ndamva, Thatha," anatero Sarvesh.

Raunak anadzutsa mutu.

"Ndiye munthu akapinda cholozetsa kutali chimachitika n'chiyani? Tsambalo limaluma?"

Kathiravan anazengereza, kenako anamasulira. Thatha sanamuyang'ane n'komwe Raunak. Anangofunsa Sarvesh kuti, "Mnzakoyu kwawo kulibe akuluakulu?"

4. Zibangili ndi mpunga

M'mawa mwake malo odyera anatsekedwa kwa makasitomala. Ife oyandikana nawo tinaitanidwa. Pakhomo anapachika masamba a mango, pansi anajambula maluwa ndi ufa wa mpunga. Kunatentha kuyambira m'mawa, ndipo mafani awiri am'denga ankangozunguza mpweya womwewo.

Valarmathi anakhala pampando wapakati atavala nsalu yobiriwira, maluwa oyera ali m'tsitsi. Amayi ankabwera mmodzimmodzi kudzamuveka zibangili zagalasi, zofiira ndi zobiriwira, mpaka mikono inadzaza. Amati mwana ali m'mimbamo amamva kulira kwa zibangilizo. Mzere wa amayiwo unali wautali, ndipo mtsikanayo anakhala pamenepo nthawi yaitali akutuluka thukuta, akumwetulira aliyense.

A Kamatchi anakhala pambali pake, manja atapinda. Sanaseke ndi kamodzi komwe. Anayang'ana denga, anayang'ana pansi, anayang'ana khomo la kukhitchini. Raunak atalowa ndi kandodo kake, anamuyang'ananso iye.

"Ameneyu ndi wa kwa yani?"

"Ndi mnzake wa mlendo wathu," anayankha a Ponnammal mwachangu. "Ana asukulu."

Nthawi yakudya itakwana, anayala masamba pamizere iwiri yoyang'anizana. Sarvesh anakhala ndi Raunak kumanja kwake. Ine ndinali moyang'anana nawo, ndipo a Kamatchi anali mzere womwewo wa ine, chapafupi ndi Valarmathi.

Anabweretsa mpunga wa mandimu, mpunga wa bwemba, wa kokonati, wa chambiko, ndi wotsekemera wothira shuga wanzimbe. A Ponnammal anadzuka kusanache kuphika zonsezi, ndipo sanalole wina aliyense kukhudza mphika.

Sarvesh anachita zonse monga anauzidwira. Anawaza madzi, anapukuta tsamba, anadya ndi dzanja lamanja, mpunga osagwa ndi njere imodzi. A Ponnammal anafika pa iye ndi chipande, anamuonjezera wa bwemba, kenako anamugwira pamutu n'kutembenukira kwa apongoziwo.

"Uyu ndi mwana wanga wakumpoto. Taonani mmene akudyera, ngati anabadwira ku Madurai konkuno. Masiku oyamba anaonda ngati bango."

A Kamatchi anagwedeza mutu pang'ono. Kwa iwo kumeneko kunali kuyamika.

A Ponnammal atadutsa, Raunak anasendera n'kuyamba kunong'ona m'Chihindi. Foni inali chilili pafupi ndi tsamba lake, ikujambula.

"Wamva? Mwana wanga wakumpoto. Anakugula ndi chapati, aise."

"Tangodya."

"Tikamaliza, upinde cholozetsa kutali. Ndikufuna nkhope za agogo aakaziwa."

"Ayi. Unamva zomwe Thatha ananena."

"Ndi tsamba chabe, mbuzi zimadya. Iwe wophunzira sayansi ukuopa tsamba? Chabwino, ukane. Koma kanema wa Amma akukusisita mutu ngati kamwana ndili naye pano. Ndimutumiza kwa gulu lonse, mpaka ku Kanpur. Dzina limeneli udzafa nalo."

Sarvesh anasiya kutafuna.

5. Tsamba

Anthu anamaliza kudya. Pamizere yonse iwiri manja anatambasuka, aliyense kugwira mbali yakutali ya tsamba lake n'kuikokera kwa iye. Inenso ndinapinda langa.

Sarvesh anatambasula dzanja n'kugwira mbali yakutali, monga anauzidwira. Ndinaona ndi maso anga. Raunak anakhosomola n'kusendeza foni. Sarvesh anayang'ana foniyo. Kenako anabweza dzanja, anagwira mbali yomwe inali pafupi naye, anaitukula n'kuigwetsera kutali.

Tsambalo linagona litaloza kwa Valarmathi.

Woyamba kuona anali a Kamatchi. Sanakuwe. Anapukuta pakamwa, n'kufunsa ndi mawu omveka chipinda chonse.

"A Ponnammal, maliro ake ndi a yani?"

Phokoso linatha. Amayi anatsatira maso a apongoziwo mpaka patsambalo. Wina anagwira pakamwa. Wina anayamba kunong'ona pemphero. Valarmathi anaika manja onse awiri pamimba, zibangili n'kulira.

Raunak anaseka, koma anaseka yekha. Ataona kuti amuna a kwa a Kamatchi akumuyang'ana, anatola kandodo kake, n'kutuluka ngati akukasamba m'manja. Sanabwererenso.

Sarvesh anagwira tsambalo kuti alifunyulule.

"Lisiye," anatero Thatha ali pampando wawo. "Lapindidwa kale."

Kathiravan anathamanga kuchokera kukhitchini, ndowa ya rasam ili m'manja.

"Amma, ndi mlendo! Wasokoneza chabe. Kwawo sadyera pamasamba."

A Ponnammal anaika chipande pansi. Anabwera n'kuima kutsogolo kwa Sarvesh. Anayankhula pang'onopang'ono kuti amve popanda womasulira.

"Mwana wanga, sumadziwa?"

Pamenepo khomo linali lotsegula. Akanati sankadziwa, a Ponnammal akanagwira mawu amenewo ndi manja awiri, ndipo ndikukhulupirira kuti Thatha akanakhala chete chifukwa cha mdzukulu wawo wamkazi. Sarvesh anayang'ana pomwe panali Raunak. Panali tsamba lokha, losapinda n'komwe, mpunga uli mbwee.

"Ndimadziwa, Amma."

Kaya chinali chilungamo, kaya anangoona kuti Thatha ali pomwepo, ine sindikudziwa.

Kathiravan anatsitsa ndowa ija. Anamuyang'ana mnzakeyo kanthawi, kenako anayang'ana kumbali.

A Kamatchi anaimirira.

"Ndinanena ine kuti m'nyumba muno mumalowa aliyense. Mwana woyamba tinataya. Lero munthu wodya chakudya chanu watipindira tsamba la maliro, akudziwa. Mpongozi wanga sagona denga limodzi ndi munthu ameneyu. Akatsala iyeyu, Valarmathi ndikupita naye lero lomwe. Musankhe."

A Ponnammal sanachedwe.

"Kwera ukatenge chikwama chako."

"Amma, pepani. Zinali zocheza chabe. Raunak ndi amene..."

"Raunak sindimudziwa. Sindinamuotcherepo chapati. Kwera."

6. Pakhomo

Sarvesh anakwera makwerero. Alendo anadzuka kukasamba m'manja, koma palibe ankayankhula mokweza. Masamba onse anasonkhanitsidwa n'kutayidwa kuseri. Lake lija palibe anafuna kulikhudza, mpaka a Ponnammal analinyamula okha n'kukaliponya kunja kwa mpanda.

Patapita kanthawi mnyamatayo anatsika ndi chikwama chake chomwe chija, mabuku ali m'khwapa. Anaima pakhomo, dzuwa likumuwomba. Kukoleji kunalibe bedi, ndipo mumsewu muno nkhani imayenda msanga kuposa munthu. Palibe akanamupatsa chipinda tsiku limenelo. Anatulutsa foni n'kuimbira Raunak. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso. Kachiwiriko inali yozimitsa.

Anatembenukira kwa Thatha, amene anali atabwerera pampando wawo wansungwi. Kathiravan anali m'kati, ndiye womasulira ndinali ine.

"Thatha, ndipite kuti?"

"Dzulo unali ndi kokhala, ndipo ndinakuuza mmene ungakusungire," anatero Thatha. "Sindinakuuze zovuta. Sindinati uphunzire Chitamil chathu, sindinati upemphere kwa milungu yathu, sindinati uiwale kwanu. Ndinati dzanja ulikokere kwa iwe. Unaopa kusekedwa ndi mnzako amene sanakupatsepo ngakhale madzi akumwa, n'kunyoza mayi amene ankadzuka kukukandira ufa miyendo ikuwawawa. Mnzakoyo wadya, wajambula, wapita. Tsopano ukufunsa ine kuti upite kuti."

Thatha asanamalize bwino, m'kati munamveka kukuwa. Anali mawu a Valarmathi. Kenako kunamveka mabenchi akugwa ndi amayi akuitanizana. Kathiravan anatuluka akuthamanga wopanda nsapato, anamudutsa Sarvesh ngati mtengo, n'kukaimitsa kagalimoto ka matayala atatu pamphambano.

Anamutulutsa Valarmathi atamugwirira uku ndi uku, mayi ake mbali ina, mwamuna wake mbali ina. Nkhope yake inali itatuwa. Pomukweza, mkono unagunda chitsulo cha kagalimotoko, zibangili zingapo n'kusweka. Magalasi ofiira ndi obiriwira anamwazika pamsewu. Kathiravan anakhala kutsogolo ndi woyendetsa. A Kamatchi anakwera pomaliza. Asanalowe anatembenuka n'kumuloza Sarvesh ndi chala.

Ine sindikhulupirira kuti tsamba la nthochi lingadzutse mimba masiku asanakwane. Kunatentha tsiku limenelo, mtsikanayo anakhala pampando kuyambira m'mawa, ndipo anachita mantha. Koma palibe anandifunsa maganizo anga, ndipo ndikanayankhula palibe akanandimvera.

Kagalimoto katakhota, Sarvesh anakoleka chikwama paphewa kuti azipita. Abale aamuna a kwa a Kamatchi, omwe anatsala, anali ataima kale pachipata. Sanamugwire. Sanamupatsenso njira.

"Tsitsa chikwamacho," anatero Thatha. "Suchoka pano mpaka timve za kuchipatala. Zikayenda bwino, uchoka ndi miyendo yako. Zikapanda kuyenda bwino..."

Anatulutsa kafoni kawo kakale m'thumba la malaya n'kukaika pabondo.

Sarvesh anakhala pachikwama chake, pakati pa khomo ndi chipata. Mthunzi wa nyumba unasuntha mpaka unafika pamapazi ake. Palibe anamupatsa madzi. Palibe anachoka. Amayi otsala anayamba kusesa magalasi aja, kenako anasiya poona kuti tsache likuchita phokoso.

Kafoni kaja kanalira.

Thatha anakayandikitsa kumaso, koma sanathe kuona pomwe amadina. Anayang'ana uku ndi uku. Amene anali pafupi kwambiri anali Sarvesh.

"Ndi Kathiravan," anatero mnyamatayo.

Thatha anamupatsira kafoniko.

"Yankha ndiwe."